Basi ya ku Samfya

Geti la kwa a Chibwe ku Mtendere, mu Lusaka, silinkakhala lopanda loko, ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo. Anansi ankanena kuti banjalo ndi lodzimva, ngati m'nyumbamo muli golide. Pakamwa pa anthu sipatsekeka. Chimene ankatsekera m'menemo sichinali katundu ayi, anali munthu. Ba Chibwe, bambo ake a Mpundu, mutu unawasokonekera ndi ukalamba zaka ziwiri zapitazo. Ankaiwala kuti adya kale, ankaiwala mayina a adzukulu, ndipo Luyando, mkazi wa mwana wawo, amene ankawaphikira ndi kuwachapira tsiku ndi tsiku, ankamufunsa mwaulemu kuti wabwera kudzaona ndani.

Lachisanu limenelo pampopi panauma. Luyando anasiya khanda lake kwa Felistus, mnansi wogulitsa tomato pamsewu, n'kutenga zigubu ziwiri kukatunga kuseri kwa msika. Loko anangoikoleka osaikanikiza, poganiza kuti sachedwa. Koma amene anaimapo pamzere wa madzi ku Mtendere akudziwa kuti mawu akuti sindichedwa ndi bodza. Anabwerako dzuwa lili pamutu, n'kupeza geti lili lotsegula, loko ili pansi m'fumbi.

Mpando wa pakhonde unali wopanda munthu. Anathamangira kuchimbudzi, kuseri kwa nyumba, kenako anaima pakhomo la chipinda cha apongozi ake n'kusuzumira. Jekete ya suti panalibe, nsapato zakuda panalibe, kachikwama ka penshoni kamene kankagona pansi pa pilo panalibenso. Pakhoma panatsala msomali wokha, pamene pankapachikidwa gitala yawo yakale ya besi, yotsala ndi nsambo ziwiri.

Apa m'pamene anakumbukira. Mlungu wonse wailesi inkalengeza za chikondwerero cha nyimbo ku Samfya, m'mbali mwa nyanja ya Bangweulu, kuti kudzakhala magulu akale ndi atsopano masiku awiri. Ba Chibwe pa unyamata wawo ankaimba besi m'gulu la nyimbo za kalindula, ndipo anayenda nalo Luapula yense ndi ku Migodi. Chilengezocho chikangoyamba ankatukula mutu n'kunena kuti anyamata akuwaitana. Luyando ankangoseka, pakuti anyamata akewo onse anagona kumanda kalekale.

Anathamangira kwa Felistus kukafunsa za apongozi ake. "Ba Felistus, simunabaoneko batata?"

"Nabaona, banapita apa bali smati monga bayenda ku ukwati. Bakwela minibasi ya mu tauni. Nenze naganiza muli nabo kumbuyo."

"Taimu bwanji?"

"Kwapita ma awazi yabili. Nanga ni chani?"

"Nisungilenkoni mwana, nizabwela manje manje."

Luyando anachita mantha enieni, ndipo mantha akewo anali ndi chifukwa. Ku Samfya ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Munthu wosadziwa dzina la mdzukulu wake akatsika panjira kukataya madzi, adzadziwa bwanji basi yake? Ndipo iye anaonapo ndi maso ake, ku komboni ya Kalikiliki, chimene anthu amachita ndi nkhalamba yosokera ikapezeka pakhomo la eni ikuyankhula zosamveka. Safunsa kuti agogo mwachokera kuti. Amati mfiti yagwa paulendo, ndipo miyala imayamba mafunso asanayambe.

Anaimbira mwamuna wake Mpundu, amene anali ku Nakonde ndi thiraki ya kuntchito. Foni inali yozima. Mumtima anathokoza, kenako anachita manyazi kuti wathokoza. Ponyamuka Mpundu anati bambo ndakusiyira iwe, ndipo alamu ake ankangodikira tsiku loti anene kuti tinanena ife, Mtonga uyu sangasunge munthu wathu.

Minibasi ya ku Mtendere ilibe chisoni ndi munthu wofulumira. Inaima pasiteji kudikira kudzaza, inabwerera m'mbuyo kutsata mayi wina wa dengu amene sankapita n'komwe m'tauni, ndipo itafika pamsewu waukulu inalowa m'mzere wa magalimoto woyenda ngati maliro. Luyando ankangoyang'ana nthawi pafoni. Ankadziwa kuti mabasi a ku Luapula amanyamuka cha m'ma 2 koloko masana, ndipo inali itadutsa kale 1 koloko. Anapemphera m'Chitonga, chinenero chimene ankachisungira zinthu zoopsa zokhazokha. Atatsika sanasamale za chitenje kapena za anthu, anathamanga.

Pa siteshoni ya Intercity oitanira mabasi anamuunjirira ngati ntchentche.

"Kitwe, mami? Chipata? Livingstone yatsala mpando umozi!"

"Samfya! Ya ku Samfya ili kuti?"

Anamulozera basi yaikulu yobiriwira kumapeto, injini ikulira kale. Inali yodzaza ndi achinyamata opita kuchikondwereroko, a magalasi akuda, matenti opinda ndi mabokosi a zoziziritsa kukhosi. Asanakwere n'komwe anamva kuseka ndi kuwomba m'manja, ndipo pansi pa phokosolo panali mawu amene anawadziwa, akung'ung'udza nyimbo ngati besi. Anakankha kondakitala n'kulowa.

Anali pampando wa pawindo, chapakati, jekete yomanga mabatani, gitala ili pamiyendo. Anyamata ndi atsikana anawazungulira akuwajambula ndi mafoni. Chimene chinamuimitsa Luyando chinali nkhope yawo. Maso ankawala. Ankayankhula momveka bwino, akuwerengera anawo njira yonse: Kabwe, Kapiri, Mkushi, kukhota pa Serenje, kenako mlatho wautali wa pa Luapula pamene mphepo imayamba kununkha nsomba. Munthu amene m'mawa womwewo sankadziwa chochita ndi supuni, apa sanaphonye mudzi ndi umodzi womwe.

Zaka zisanu ndi zinayi m'banjamo, Luyando anali asanakhalepo mpando umodzi ndi apongozi ake kapena kuwakhudza dzanja. Ndiwo mwambo umene anaupeza kwa a Chibwe, ndipo ankausunga ngakhale mwini wake anali atauiwala. Choncho anagwada pakanjira ka pakati pa mipando, pa makoko a nthochi ndi mabotolo, n'kuwomba m'manja.

"Batata, tiyeni ku nyumba."

Ba Chibwe anamuyang'ana mokoma mtima. "Ndimwe bandani, mayo? Ine nili pa nchito. Baniyembekeza ku Samfya."

"Ndine mukazi wa ba Mpundu, mwana wanu. Napapata, tiyeni."

"Mpundu akali mufana, ali ku sukulu. Mwasoba, mukwai."

Anawo anaseka. Mtsikana wina wa tsitsi lofiira anati, "Basiyeni ba mudala, anti, tizabasunga ise. Baziba nyimbo zonse!"

Tizabasunga! Luyando anamuyang'ana mtsikanayo n'kuona botolo lotsegula kale m'manja mwake, basi isanatuluke n'komwe pageti. Mowa ukayamba kuyenda ndi ng'oma zikalira, ndani adzakumbuke nkhalamba ya jekete? Anaganiza zongokhala pansi apite nawo limodzi. Koma khanda linali kwa Felistus, loyamwa, ndipo Chilekwa, mwana wake woyamba, ankaweruka kusukulu kukapeza nyumba yopanda munthu. Kuwakoka sakanatha. Ngakhale mwambo ukanalola, ba Chibwe akagwidwa mwamphamvu ankakuwa ndi kumenya ngati agwidwa ndi achifwamba.

Dalaivala analiza hutala. Kondakitala anamenya chitsulo cha pakhomo.

"Mami, muyenda olo museluka? Taimu yasila!"

Basi inagwedezeka n'kuyamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Kenako mawu anatuluka okha, Luyando asanawavomereze.

"Batata, tafika. Pano ni pa Samfya. Banzanu bali panja, bakuyembekezani."

Mafoni anatsika. Mtsikana wa tsitsi lofiira anatsegula pakamwa, koma mnzake anamugwira mkono.

"Tafika?" Ba Chibwe anaimirira msangamsanga ngati mnyamata. Anakonza kolala, anapukuta nsapato kumbuyo kwa thalauza, n'kukumbatira gitala yawo. "Mwaona, bana banga? Mabasi ya masiku yano yathamanga! Tizaonana ku siteji. Mubwele kutsogolo, mukamvele besi."

Achinyamata aja anawapatsa njira, dalaivala anaponda buleki, ndipo nkhalambayo inatsika masitepe yokha, Luyando ali pambuyo. Chitseko chinatsekeka. Basi inatembenuka n'kulunjika kugeti, ndipo wina m'katimo anayatsanso nyimbo.

Luyando anapuma mpweya umene anaugwira kuyambira ku Mtendere. Anawapeza. Anali amoyo, athunthu, ali pafupi naye. Koma chimwemwecho sichinakhalitse, chifukwa anaona zimene apongozi ake ankachita. Anaima pakati pa mawilibala ndi ogulitsa mazira owiritsa, akutembenuka uku ndi uku kufunafuna nkhope za anzawo. Anakweza mphuno kununkhiza mphepo, koma munali utsi wa dizilo wokhawokha. Anayang'ana nyumba zosanja za m'tauni, anayang'ananso basi yobiriwira ija ikulowa mumsewu mpaka inabisika kuseri kwa mpanda. Mapewa awo anagwa pang'onopang'ono.

Kenako anatembenukira kwa iye n'kumuyang'ana nthawi yaitali, osati ngati mlendo.

"Bana Chilekwa."

Dzina limenelo, lotanthauza mayi ake a Chilekwa, anali asanalitchule zaka ziwiri. Luyando analilakalaka masiku onsewo, koma lero linamulasa ngati minga.

"Mukwai, batata."

"Pano ni pa Lusaka."

Luyando anagwada pa simenti ya mafuta, anthu akumulambalala ndi katundu wawo. Anafuna kunena za khanda, za miyala ya ku Kalikiliki, za Mpundu, koma anangogwetsa misozi. Ankayembekezera kuti akalipa, ndipo zikanamupepukira akanakalipa. Iwo anangosisita nsambo ziwiri zija ndi chala, osaziliza.

"Niziba kuti banzanga banafa, mayo," anatero motsitsa mawu. "Nenze nifuna chabe kukamvelako."