Fosholo ya Rudzani

"Usaigwire fosholoyo," anatero Mulalo, akumukoka mlongo wakeyo jekete. "Wandimva, Rudzani?"

Bokosi la bambo awo, a Mudau, linali litatsitsidwa kale m'manda, ndipo amuna anali atayamba kulandirana fosholo: aliyense aponye dothi mpaka thukuta, kenako apatse mnzake. Kuno mwana wamwamuna wolephera kukwirira bambo ake, mudzi sumuiwala mpaka imvi.

"Tayang'ana kumbuyo kwa abusako," ananong'ona Mulalo. "Mayi wa chipewa chofiirayo amagwira ntchito ku ofesi ya thandizo la olumala. Lachiwiri lomweli ukukaonekera kwa dokotala wawo. Akakuona ukuwerama ndi fosholo, akanena kuti unachira, thandizo lako lithe, ukafune ntchito. Ndiye tizidya chiyani? Ana angawa azidya fosholo?"

Rudzani anayang'ana kumene kunali mayiyo. Chigwereni pa nyumba yosanja imene ankamanga ku Polokwane, msana wake unkachita zofuna zake. Tsiku lina ankayenda bwinobwino, tsiku lina ankakwawa popita kuchimbudzi. Koma anthu, ndi maso awo osankhawo, ankangoona masiku abwino okha. Mafosholo angapo akanatha kuponya, inde, koma akanagona chagada sabata yonse, ndipo zimenezo palibe akanapita kukazifotokoza ku ofesi. Anachita mantha, ndipo manthawo anamuchititsa manyazi.

"Iwe mwana wa achimwene!" anakuwa azakhali awo ali pakati pa amayi. "Wangoti njo ngati mtengo wa magetsi bwanji? Anakubala kuti udzaonerere?"

Nyimbo inazilala. Mitu inatembenuka, ngakhale wa chipewa chofiira uja. Mulalo anamutsina pamkono, koma Rudzani anamusasa n'kuyandikira dzenjelo. Pang'onopang'ono.

Fosholo inali m'manja mwa a Ramaano, mkulu woyandikana nawo nyumba, amene anali atangomaliza gawo lawo. Rudzani anatambasula dzanja. A Ramaano anangoliyang'ana dzanjalo. Kenako analavulira m'zikhatho zawo, n'kuweramanso.

"Iyi ndi ya Rudzani," anatero mokweza, dothi likugwera pa bokosi.

"Bambo, mukutani?" anafunsa Rudzani. "Ndipatseni. Ndi bambo anga amenewa."

"Fendera uko, ungandiponde," anatero a Ramaano akupuma mwawefuwefu. "Iwe pamaliro unkatsalira pamthunzi, sunkaona zochitika kuno. Chivulalireni iwe, manda alionse m'mudzi muno bambo akowa ankakwirira kawiri. Koyamba kwa iwo eni, kachiwiri ankatchula dzina lako kuti tonse timve. Ndi chifuwa chawo chija, ankachita kutsokomola mpaka kugwada. Tikati apume, ankati mwana wawo sanamalize."

Rudzani anatsitsa dzanja. Misozi inayamba kutsika, iye osaibisa.

A Ramaano anapukuta thukuta ndi chipewa, n'kupereka fosholo kwa bambo wotsatira. Bamboyo anaponya gawo lake, anawongola msana pang'ono, kenako anaweramanso.

"Ya Rudzani," anatero.