Maola Awiri ndi Mphindi Khumi

"Bwerezani, alamu, sindikukumvani bwino," ndinatero nditafinya batani la wailesi ya mauthenga.

Mawu a Laimoni, mwamuna wa mng'ono wanga Mailesi, ankamveka moduladula. Anali pa nyumba yosungiramo mbewu ya bungwe lathu, kuseri kwa Dambe, pomwe panali wailesi yokhayo m'dera lonselo. Mailesi anali atachira m'bandakucha, mwana wamkazi. Mwanayo anali bwino, koma mayi ake magazi sankaleka, ndipo azamba a m'mudzi anali atagwira njakata.

"Amuna ndasonkhanitsa kale, machila tamanga," anatero Laimoni. "Tinyamuke kulowera kuchipatala ku Neno, kapena tidikire galimoto? Kuno mvula ikugwa."

Munali mu February, chaka cha 1996. Ndinkagwira ntchito ku Lisungwi, mu ofesi ya bungwe lina lomwe linabwera nthawi ya anthu othawa nkhondo ku Mozambique. Iwo atabwerera kwawo, bungwelo linatsala n'kumagawa mbewu ndi mankhwala m'midzi. Ine ntchito yanga inali pa kompyuta. Munali pulogalamu yokonzera maulendo: ukalemba kochokera ndi kopita, inkajambula njira pa mapu n'kukuuza maola amene uyende. Mu Lisungwi monse wodziwa kuigwira ndinali ine ndekha, ndipo sindibisa, ndinkayenda nazo monyada. Masiku amenewo aliyense ankati dziko lasintha. Kwa ine kusinthako kunali kabokosi kameneko.

"Dikirani pang'ono, alamu."

Ndinalemba mayina a malo pa kompyuta. Jenereta inkalira kuseri kwa ofesi. Yankho linatuluka msanga: maola awiri ndi mphindi khumi.

A Amidu, dalaivala wathu, bambo wachikulire wa imvi m'mbali mwa mutu, anali ataima pakhomo makiyi ali m'manja. Zonse anali atamva.

"Achemwali, auzeni anyamuke," anatero motsitsa mawu. "Tikumana nawo panjira."

"M'mvula, munthu akutaya magazi? Kompyuta ikuti maola awiri okha."

"Kodi kompyutayo inapitako liti ku Dambe?"

Funso limenelo linandipsetsa mtima. Ndinawakumbutsa kuti pa ulendo wina wa ku Matope kompyutayo inaphonya ndi mphindi zisanu zokha.

"Ku Matope ndi kuchigwa, komanso kunali m'chilimwe," anayankha.

Ndinayang'ana manambala aja kachiwiri. Anali oyera, osakayikitsa. M'maganizo ndinaona Mailesi akugwedezeka pa machila, atanyowa, akuzizidwa m'mapiri. Ndinafinya batani.

"Alamu, musamunyamule. Mufunditseni bwino, akhale m'nyumba. Ikamakwana 12 koloko tikhala tafika."

"Chabwino, alamu Callista," anatero Laimoni. "Inu ndi amene mukudziwa."

Tinanyamuka 10 koloko isanakwane. Poyamba msewu unali wabwino, moti ndinkayang'ana wotchi ndi mtima woti a Amidu aone okha. Koma titayamba kukwera, tinapeza kamtsinje katadzaza mpaka kumiza mlatho wake wa mitengo. Tinakhala m'galimoto kuyembekezera kuti madzi aphwe. Anthu ena anali tsidya linalo, mitolo ili pamutu, nawonso akudikira. Palibe ankaoneka wodabwa.

Ku Neno tinafika 1 koloko itadutsa. Ndinathamangira pa wailesi ya kumeneko kuti ndiuze Laimoni kuti ndalakwitsa, anyamuke basi. Ndinaitana kasanu, kasanu ndi kamodzi. Wailesi inkangosokosera yokha. Iye anali atabwerera kumudzi kukakhala ndi mkazi wake, monga ndinamuuzira.

Namwino wina wa pachipatala cha ku Neno, mayi Constance, anavomera kutsagana nafe. Anakwera kumbuyo atakumbatira chikwama cha mankhwala ndi mabotolo a diripi.

"Anabereka nthawi yanji?" anandifunsa.

"M'bandakucha."

"Ndiye ali panjira, eti?"

"Ayi. Ndinawauza kuti adikire."

Mayiyo anandiyang'ana kanthawi, kenako anatembenukira pawindo.

Kupitirira Neno sunalinso msewu, linali phala lofiira lothiridwa paphiri. Galimoto inkakwera pang'ono, n'kubwerera chammbuyo, n'kupingasa. Pachitunda china inatitimira mpaka m'mimba. A Amidu anavula nsapato, natenga khasu pansi pa mpando. Unali mwezi wawo wosala kudya, ndipo chiyambire m'mawa sanalawe ngakhale madzi. Anakumba atagwada m'matope, malaya atamatirira kumsana.

"A Amidu, kwatsala nthawi yaitali bwanji?"

"Za maola musandifunse, achemwali. Tolani miyala muike pansi pa tayala ili."

Ndinatola miyala mpaka zikhadabo zinathyoka. Tinatitimira katatu tsiku limenelo. Patapita miyezi ndinadzamva kwa amene anatibweretsera pulogalamuyo kuti msewu uliwonse wafumbi inkauwerengera liwiro limodzi, makilomita makumi anayi pa ola. Inalibe phiri, inalibe mtsinje, inalibe dzinja. Anandifotokozera akumwetulira, ngati kanthu kakang'ono koti adzakonza. Koma masana amenewo sindinkadziwa zimenezi. Ndinkangodziwa kuti 12 koloko yadutsa kalekale, ndipo kwinakwake munthu akumvetsera kulira kwa injini.

Mvula inakata cha m'ma 4 koloko. Pamene tinkafika pamphambano yolowera kumudzi kwa Laimoni n'kuti 5 koloko itapitirira, dzuwa likusuzumira pansi pa mitambo. Ndinauza mayi Constance kuti akonzeke kutsika, chifukwa kuchokera pamenepo kanali kanjira ka miyendo, ka miyala ndi zitsa, koyenda mphindi makumi awiri.

Kanjirako sindinakapeze. M'malo mwake panali msewu watsopano, wotakata bwino, udzu wolambulidwa uli m'mbali. Zitsa zinali zitazulidwa. M'maenje munali mothiridwa miyala, ndipo pa ngalande panali pogonekedwa mitengo yongodula kumene. A Amidu anakhotetsera galimoto mumsewumo. Ulendo wonse uja, apa pokha ndi pamene tinayenda osagwedezeka.

Kulira tinakumva tisanaone nyumba.

A Amidu anazimitsa injini, navula chipewa chawo. Ine ndinatsalira m'galimoto. Azimayi anali atadzaza pakhonde, ndipo amuna anali atakhala pansi pa mtengo wa pichesi, matope mpaka m'mawondo. Laimoni anadzuka pakati pawo n'kubwera pawindo langa. Maso ake anali ofiira koma ouma.

"Mwafika, alamu."

"Mailesi?"

"Watisiya cha m'ma 3 koloko." Anagwira chitseko cha galimoto. "Ankafunsa za inu. Ndinkamuuza kuti muli pafupi."

Ndinafuna kuti andikalipire, anditukwane pamaso pa anthu onsewo. Sanatero. Ananditsegulira chitseko, ndipo pamene ankandigwira dzanja kuti nditsike, ndinamva matuza ophulika m'chikhatho chake.

"Nanga msewuwu?" ndinafunsa, ngakhale yankho ndinali nditaliona kale.

"Munati galimoto ikubwera, ndiye ndinati anthuwa asangokhala. Tinati tikonze njira kuti mudzamutengere pakhomo penipeni, asavutike."

Mayi Constance analowa m'nyumba ndi chikwama chawo chosatsegula. Patapita kanthawi anatuluka atanyamula khanda lokulungidwa m'chitenje cha Mailesi, nandipatsa osandiyang'ana kumaso. Linali lopepuka, lofunda, likuyamwa chibakera chake.

Sindinathe kulowa nthawi yomweyo. Ndinaima pabwalo ndi mwanayo, nditafulatira nyumba. Makasu anali atatsamira nkhokwe, dothi lake lisanaume. Kutsogolo kwanga msewu uja unatsetsereka bwinobwino mpaka kumphambano, wofiira, wosalala, ndipo pamwamba pake panali mizere iwiri yokha ya matayala athu.