Chuni cha Shambade

Chuni chinam'peza Duilio Ferracin akumeta ndevu, sopo ali mbuu m'masaya. Sanachiitane ayi. Chinangotulukira m'mphuno chokha, ndipo lumo lisanafike pachibwano chinali chitabwera ndi mawu ake omwe: "Shambade loli wan, churi me, churi me." Mawuwo sanali Chitaliyana, sanali Chingelezi, sanali chilankhulo cha munthu aliyense. Zimenezo sizinam'dabwitse, poti opeka nyimbo onse a mu Milano ankagwira ntchito choncho. Umayamba waimba Chingelezi chabodza kuti chuni chipeze pogwira, kenako wolemba mawu amadzachotsa zopusazo n'kuikamo mwezi, misozi ndi mtsikana wothawa. Chomwe chinam'dabwitsa mpaka kudzicheka n'chakuti chunicho chinali chokoma zedi.

Panali patapita zaka Duilio asanapeke kanthu koti munthu n'kuimbira mluzu panjira. Kale dzina lake linkatchulidwa pa wailesi m'nyumba iliyonse, koma tsopano wailesiyo inali italandidwa ndi anyamata a tsitsi lofika m'mapewa, odzipekera okha nyimbo pa gitala. Iye ankadyera kukonza nyimbo za anthu ena, kuika zitoliro apa, ng'oma apo, ngati telala wongopinda mathalauza osoka anzake. Mkazi analibe, ana analibe. Chomwe ankafuna asanafe chinali chimodzi basi: kudziwa kuti m'mutu mwake munatsalabe nyimbo yakeyake.

Koma munthu wa ntchito imeneyi sakhulupirira chuni chobwera chaulere. Anavala chikhoti n'kupita nacho ku tebulo.

Tebulolo linali pakona m'kanyumba komwera khofi ka m'Galleria, msewu wa masitolo wofoleredwa ndi magalasi, kunsi kwa maofesi a osindikiza nyimbo, ndipo linali ndi lamulo lake. Unkaimba chuni chako chatsopano pamaso pa anzako, ndipo akamaliza khofi popanda wotchula mwini wake, chinali chako. Wina akatchula, unkagulira onse khofi wina, iwo n'kukunena mpaka masana. Tsikulo panali Osvaldo, wolemba mawu wa mimba yogunda tebulo, ndi Tarcisio, mkulu woimba vayolini yemwe ankamva ndi khutu limodzi koma osaiwala kanthu.

"Tamvani, akuti Duilio wabereka," anatero Osvaldo. "Paukalamba uno? Bambo wa mwanayo ndani?"

"Tseka pakamwa, ungomva."

Duilio anawerama n'kuimba chapansipansi. Atamaliza, Osvaldo sanaseke, chinthu chosachitikachitika.

"Tabwereza," anatero Tarcisio, akutembenuzira kwa iye khutu labwino lija.

Anabwereza.

"Koyambirirako kukununkha ku Napoli," anatero Osvaldo.

"Bodza, ku Napoli sakwera choncho," anayankha Tarcisio.

"Ndiye n'cha ku Amereka. Ulula mkulu, wachitola m'kanema uti?"

Anachitembenuza uku ndi uku, anatchula akufa ndi amoyo, makapu mpaka anauma. Pomaliza Osvaldo anamenya tebulo. "N'chako, galu iwe! Ndipatse ndichiveke mawu chisanazizire."

"Sichinathe. Pakati palibe."

Zinalidi choncho. Chunicho chinkayenda bwinobwino mpaka pamene nyimbo imayenera kukhota kuti ikabwerenso poyambira, ndipo pamenepo chinkangoima ngati sitima yamagetsi ya m'misewu magetsi atathima.

Pa tebulo limenelo panalibe wa manja oyera, ndipo palibe ankachita nazo manyazi. Kubwerekana inali ntchito. Unkatenga kachidutswa kwa mnzako, iye n'kukutukwana pagulu, chaka chamawa n'kukutengera kako, nkhani n'kutha. Katswiri wa zimenezi anali Fulvio Marangon, mnzake wa Duilio kuyambira ali anyamata. Fulvio anatengapo kachidutswa koyambira nyimbo ya Duilio n'kupanga nyimbo yomwe dziko lonse linavina chilimwe chathunthu, ndipo Duilio atam'funsa anangoti, "Unakasiya panja kopanda malaya, ine ndakaveka." Zinkawawa chifukwa zinali zoona. Fulvio ankam'posa, ndipo onse awiri ankadziwa.

"Khutu lenileni palibe pano," anatero Tarcisio ponyamuka. "Akanakhalapo Fulvio bwenzi tikuti mlandu watha."

Koma Fulvio sankabweranso ku tebulo. Sitiroko inam'gwetsa masamba akuyoyoka m'mitengo, n'kum'pha mbali ya kumanja, n'kum'landa mawu. Anzake anapita kukam'zonda kawiri katatu n'kusiya. Duilio yekha ndiye ankapitabe Lamulungu lililonse, ngakhale kunena zoona nthawi yambiri ankathera kukhitchini ndi Nives, mkazi wa Fulvio, kukamba za mitengo ya zinthu, chifukwa kuyang'ana mnzake akuchucha malovu kunkam'pweteka mtima.

Masabata otsatira Duilio sanapondeko kwa Fulvio. Anadzitsekera ndi piyano kufunafuna pakati paja. Anayesa kukwera, chuni chinakana. Anayesa kutsika, chinakhala ngati nyimbo ya maliro. Chilichonse chomwe ankaika chinkaoneka chigamba. Bwana wina wosindikiza nyimbo anamva za chunicho, anamuitanira muofesi, anam'patsa mpando wofewa n'kumutchula "Maestro", katswiri wa nyimbo, ndi mawu omwe Duilio anali atawaiwala. Ankachifuna pa mpikisano waukulu wa nyimbo wa chaka chimenecho. Duilio anatsika masitepe akumva ngati mnyamata, ndipo m'kalilole wa sitolo ina anadzipeza akumwetulira yekha ngati wopepera.

Lamulungu lina nkhungu itaphimba mzinda, anaganiza zopita kwa Fulvio. Ankadziuza kuti akukasangalatsa wodwala. Koma pansi pa mtima, tisamunamizire ubwino, ankafuna kuti munthu amene anam'posa moyo wonse amve kuti Duilio sanafe.

"Mwasowatu alamu," anatero Nives potsegula chitseko. "Ndimati nanunso mwatitaya ngati anzanu aja."

"Ntchito, alamu. Ntchito yeniyeni ulendo uno."

Fulvio anali pampando pakati pa zenera ndi piyano, bulangete m'miyendo, mbali imodzi ya nkhope italendewera. Diso labwino linam'tsatira Duilio.

"Mbava yaikulu ya mu Milano, uli bwanji?" anatero Duilio mokweza, monga timachitira ndi odwala ngati kuti ndi ogontha. "Lero ndakubweretsera chinthu choti sungabe."

Anakhala pa piyano, napukuta manja m'thalauza, n'kuyamba. Sanaimbe ndi pakamwa, anangoliza mzere woyamba ndi zala.

Kumbuyo kwake kunamveka mawu okhakhala, otuluka pakamwa popindika, koma osaphonya ngakhale pang'ono. "Shambade loli wan, churi me, churi me."

Zala za Duilio zinauma pa makiyi.

"Mayo ine, nanunso?" anafuula Nives ali pakhomo la khitchini, mbale m'manja. "Wakupatsirani? Imeneyo ndiye yandithetsa nzeru. Anayamba Khirisimasi isanafike. M'mawa shambade, masana shambade, ndikum'sambitsa shambade. Dzina langa sakhoza kulitchula, koma churi me yekha ndiye mpaka mutu kundiwawa. Simunkam'mva muli kukhitchini kuja? Khomali si khoma, ndi pepala."

Duilio anachotsa manja pa piyano. Khirisimasi isanafike! Iye chinam'peza kukuyamba kutentha. Anakumbukira bwinobwino: khofi wa Nives patsogolo pake, nkhani ya mtengo wa nyama, ndi kaphokoso kenakake kuseri kwa khoma komwe ankayesetsa kuti asakamve.

Fulvio sanaime. Anafika pamalo paja pomwe chuni chinkafera, ndipo sanapunthwe. Anatsika pang'ono, n'kudikira kamphindi pomwe munthu aliyense akanathamanga, kenako anakwera mbali yomwe Duilio sanaiganizirepo masabata onse aja. "Dola min, dola min, sevi ro." Chinakhota chokha n'kubwerera poyambira ngati chinabadwa choncho. Duilio anamva kukoma kwake m'mano mwenimweni, ndipo anamva nsanje yoti munthu wamkulu angachite nayo manyazi, nsanje pa munthu wodyetsedwa ndi supuni.

Nives anali atakhala pakati pa oimba zaka zokwanira. Anayang'ana nkhope ya Duilio n'kuika mbale pansi.

"Mumati n'chanu," anatero motsitsa.

"Ndachiimba ku tebulo. Abwana akuchidikira."

"Ndiye tengani."

"Alamu!"

"Tengani ndithu. Adziwa ndani? Uyu akakusumirani kuti? Iyeyu anakutengerani zingati inu? Chotsani chinthu chimenechi m'nyumba mwanga, mwina ndikachimva pa wailesi chili ndi mawu a anthu ndingapume."

Duilio anatembenukira kwa Fulvio. Ankalakalaka atam'tukwana. Akanangoti "wakuba iwe" ngati kale, bwenzi chili chobwereka ngati zina zonse, chodzabweza chaka chamawa. Koma kwa munthu wosatukwana subwereka. Ndipo ngakhale akanatenga, dzina lake n'kulembedwa pa chimbale, dziko lonse n'kuvina, funso lomwe linam'vutitsa zaka zonsezi linali litayankhidwa kale m'chipinda chomwecho. M'mutu mwake munalibe kanthu. Ngakhale mawu opusa aja sanali ake.

"Mawa ndikawauza kuti n'cha Fulvio," anatero.

"Akakusekani," anatero Nives. "Ndani angasindikize nyimbo ya munthu wosatha kusaina? Mungochipha, osapindula inu, osapindula iye."

"Ndikudziwa."

Fulvio anamenya mkono wa mpando ndi dzanja lamanzere, diso lili pa piyano. Ankafuna kuti apitirize. Nkhope yake, mbali yamoyo ija, inali yowala. Miyezi yonseyi ankaimba yekha m'nyumba yomwe anthu ankamuuza kuti akhale chete, ndipo lero kunabwera womuyankha.

Duilio anaika zala n'kuyambiranso. Kuperekeza chuni cha wina ndiye ankatha, inali ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Fulvio ankaimba, iye akutsata pambuyo mosamala, misozi ikugwera m'kolala osaipukuta. Atafika pakati paja anasankha makiyi omwe anaona kuti ndi oyenera, abwino ndithu, oti mphunzitsi aliyense angavomereze.

Fulvio anasiya kuimba. Anabuula mokwiya, nadzikoka pampando mpaka bulangete linagwa, n'kutambasula dzanja lamanzere. Anagwira chala chapakati cha Duilio, anachinyamula, n'kuchitsitsa pa kiyi wakuda woyandikana nawo.

Duilio anadina. Pamenepo ndiye panali pake.