Mwezi wa Khumi wa Sabina

Japhet anakwera basi ya ku Joni pa 2 Febuluwale, ndipo kwawo kwa Nsamala anthu awiri sanaiwale tsikulo. Mkazi wake Sabina ankalikumbukira chifukwa cha malaya abuluu amene mwamunayo anamusiyira kuti azinunkhiza akamusowa. Amayi ake a Japhet ankalikumbukira chifukwa ankawerenga miyezi.

Okutobala unatha, mwana osabadwa. Sabina anali atakhala masabata atatu kuchidikiro, nyumba imene amayi oyembekezera amakhalamo pafupi ndi chipatala chaching'ono. Apongozi akewo ndiwo ankamuphikira poti mayi ake omubala anamwalira kale. Anzake amene anafika nawo limodzi anali atabwerera kwawo ndi makanda.

"Febuluwale, Malichi, Epulo," apongoziwo ankapinda zala pamaso pa azimayi ena kukhitchini, mokweza kuti Sabina amve. "Ine ana anga onse asanu ndi awiri sanadutse miyezi isanu ndi inayi. Kaya mimba za masiku ano zimadikira ndani."

Sabina sanadziwepo mwamuna wina. Koma mawu amenewa akafika ku Joni pa foni, Japhet adzakhulupirira ndani?

Lachiwiri m'mawa, Ida wogulitsa zitumbuwa pageti anamukodola.

"Iwe, mwanayu ukufuna alembe mayeso a sitandade 8 ali m'mimba momwemo?"

Sabina anaseka, kenako misozi inalengeza. Ida anayang'ana uku ndi uku, n'kumufumbatitsa kapepala kokulunga ufa wodera.

"Mwanamphepo. Supuni imodzi m'phala. Anesi asaone, ndipo ine sunandionepo."

Namwino ankachenjeza azimayi akuchidikiro za mankhwala ofulumizitsa kubereka amenewa Lolemba lililonse, Sabina n'kumaombera nawo m'manja. Koma Lachiwiri limenelo anatengera phala lake kuseri kwa bafa, kumene kunali mtengo wa mango. Anathira supuni imodzi. Atakumbukira zala za apongozi, anawonjezera ziwiri.

Dzuwa lisanafike pamutu matenda anayamba, koma sanayambe monga anzake ankasimbira. Ululu sunkabwera n'kupita. Mimba inauma gwa ngati mwala, osamasukanso. Madzi atatuluka anali obiriwira.

Namwino Monica anamugoneka pabedi n'kuika kachitsulo komvetsera pamimba. Anamvetsera nthawi yaitali, nkhope ikusintha.

"Mtima wa mwana ukufooka. Mayi, mwamwa chiyani?"

"Palibe, anesi."

Apongozi anakankha chitseko n'kulowa, mpango uli m'manja.

"Ulula, mwana iwe! Mwana akakanirira chonchi ndiye kuti panadutsa amuna ena. Tchula mayina, njira itseguke!"

"Amayi, tulukani," anatero namwino.

"Iyayi, sindituluka. Mdzukulu afe chifukwa cha chinsinsi?"

Namwino anawerama mpaka pakamwa pake panayandikira khutu la Sabina. "Ambulansi ikubwera. Ndikuimbira adokotala ku Balaka, ndipo zimene ndiwauze ndi zimene akonzekere. Mukandinamiza, mwanamiza mwana wanu. Mwamwa chiyani?"

Sabina anayang'ana kudenga. Azimayi akuchidikiro anali atadzaza pawindo, onse makutu tcheru kudikira dzina la mwamuna.

"Mwanamphepo," anatero. "Masupuni atatu."

"Atatu!" anatero namwino. "Mukudikira pakhomo pa chipatala penipeni? Munkathamangira kuti?"

"Amayi amawerenga miyezi." Mawu ake anali aang'ono, koma pawindo anamveka. "Ndimafuna abadwe Japhet asanauzidwe kuti si wake."

Apongozi anamanga mpango wawo pang'onopang'ono n'kupita kukalongedza mabeseni.

Ku Balaka anamuchita opaleshoni. Atatsitsimuka madzulo dzuwa likupendeka, pambali pake panalibe mwana. Anamuuza kuti ndi wamkazi, wamoyo, koma anachedwa kulira ndipo ali m'chipinda cha makanda, timachubu ta mpweya tili m'mphuno. Za mawa, adokotala anati tiona.

Apongozi anali atakhala pansi pa simenti, mafuta ndi matewera zili pamiyendo. Sanayang'anane. Foni itayamba kulira m'chitenje mwawo, onse awiri anadziwa woimbayo.

"Mwana wako wabadwa, Japhet," anatero mayiwo. "Wako, inde. Mphumi ngati ya malemu bambo ako."

Mawu a Japhet ankamveka chapatali, osangalala, kenako odabwa. "Nanga bwanji sakulira? Opaleshoni yachokera pati? Amayi, chachitika n'chiyani?"

Mayiwo anachotsa foni ija kukhutu n'kumangoiyang'ana.

Sabina akanatha kunamizira tulo. Anatambasula dzanja, bala likumukoka, n'kulandira foniyo.

"Bambo a mwana," anatero, "musadule mpaka nditamaliza. Mwana wathu akupumira makina, ndipo ndine ndamuika pamenepo."