Khadi Yakuda ya Bambo a Tumelo

Rapula Mothibe anayala timapepala tiwiri ta kubanki patebulo n'kukankhira kapu ya tiyi pambali.

"Makhadi a ngongole alipo awiri, mayi a Tumelo," anatero. "Yobiriwirayi imakubwezerako kangachepe ukagula zapanyumba ndi mafuta a galimoto. Yakudayi imabweza marandi khumi pa handiredi iliyonse ukadya ku lesitilanti kapena ukaonera kanema."

Mkazi wake, Moipone, ankasita yunifomu yake ya unamwino. "Tengani yobiriwirayo. Inu ku lesitilanti munapondako liti?"

"Ndasankha yakuda."

Moipone anaimika simbi. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za banja lawo mu Mamelodi, Rapula anali asanapite nayepo kokadya. Sanali munthu woipa ayi. Ankangokhulupirira kuti chakudya cha pakhomo n'chokoma kwambiri, makamaka poti n'chotchipa. Moipone anatola kapepala ka khadi yakudayo, n'kukawerenga kutsogolo ndi kuseri komwe.

"Ndiye kuti mwakula, bambo a Tumelo," anatero akumwetulira, n'kulowera kuchipinda akuimba nyimbo ya kwaya.

Rapula anachita manyazi, chifukwa m'masamu ake onse mkazi munalibemo. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, iye ndi anzake asanu ndi mmodzi a kudepoti ya mabasi ankakumana pa shisanyama ya Bra Sello, malo ootchera nyama, kusonkherana ndalama, kusankha nyama ndi soseji m'butchala n'kukaotcha panja. Nzeru yake inali yoti azitolera ndalama za anzakewo, iye n'kulipira ndi khadi, chobwezacho chizigwera m'thumba mwake. Koma kumwetulira kwa mkazi wake kunali kosowa ngati mvula ya mu Julaye, ndipo sanafune kukufafaniza.

Mwezi wonse Rapula anayenda moyerekedwa. Akatulutsa khadiyo ankayamba waipukuta pamalaya.

"Taonani bwana wathu," ankatero Oupa, dalaivala wamkulu pagululo. "Koma samala aise, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi."

"Nsanje imeneyo, mdala. Tafuna nyama."

Kunyumba, Moipone sankafunsa kanthu. Koma Rapula anamumva pafoni akufunsa mnzake za malo abwino odyera ku Menlyn, ndipo anaona kuti wasinthana mashifiti kuti Loweruka azikhala pakhomo. Loweruka likafika, Rapula ankapeza chochita pansi pa galimoto. "Mwezi uthe kaye," ankatero, ndipo mkaziyo ankangogwedeza mutu.

Mwezi unathadi. Lamulungu, nyama ili pamoto, Rapula anatsegula foni kuti aonetse anzake phindu lake. Pamzere wa ndalama zobwezedwa panali ziro. Anatseka foni n'kutsegulanso, ziro uja ali pompo. Chimene chinaoneka bwino ndi ndalama imene banki inadula yolipirira khadiyo.

Analowa m'butchala. "Bra Sello, makina anu a khadiwa ali bwinobwino? Ndadya kuno kanayi konse, koma banki ikuti sindinadye."

Bra Sello anapukuta manja pa epuloni. "Unadya, mphwanga, ndine mboni. Koma makinawa ndinalembetsa ngati butchala. Ine ndimagulitsa nyama yaiwisi. Moto, mchere ndi benchi n'zaulere. Unaonapo weta kuno?"

Oupa anali pakhomo ndi mbale ya ndiwo za chakalaka, ndipo anamva zonse. Pasanathe mphindi gulu lonse linali likugwira nthiti.

"Msiyeni," anatero Oupa. "Fisi akagwa m'mbuna sayankhula."

Rapula anaseka nawo, koma nyama sinatsike. Kusekedwa ndi anzake sikunamudetse nkhawa kwenikweni, poti mawa akaseka wina. Ankaopa nkhope ya mkazi wake akadziwa kuti khadi ija sinasankhidwire iye.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Moipone anali pakhonde akusadzula sipinachi. Rapula anakhala pasitepe, n'kufotokoza zonse, osasiyako ngakhale za Oupa.

"Ndinadziwa," anatero Moipone, maso ali m'beseni.

"Munadziwa chiyani?"

"Kuti mabutchala sawerengedwa. Zinalembedwa kuseri kwa kapepala, m'tizilembo timene mumati n'ta anthu osowa chochita. Panalembedwanso kuti khadiyo simungaibweze chaka chisanathe."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Mukanatenga yobiriwira." Anataya mapesi m'chidebe. "Ndinadziwanso kuti simunaganize za ine. Ndimakudziwani, bambo a Tumelo. Zinandiwawa tsiku limodzi. Kenako ndinati, munthu ameneyu chikondi chalephera kumutulutsa m'nyumba, mwina chenji chimutulutsa."

Ananena mosakwiya, ndipo n'chimene chinamulasa kwambiri Rapula. Akanakonda kukalipiridwa.

Loweruka lotsatira, galimoto sinafune kukonzedwa. Masana anali ku Menlyn, pamalo amene mnzake wa Moipone anatchula. Rapula anayang'ana mitengo ya zakudya n'kumeza malovu. Moipone anaitanitsa nsomba, kenako keke ya tchizi, ndipo anadya mosafulumira, akumuuza nkhani za kuwodi zimene Rapula anali asanazimvepo. Anadabwa kuti mkazi wake ndi woseketsa chonchi. Kunyumba nkhani zawo zinkangokhala za magetsi ndi fizi ya Tumelo.

Weta atabweretsa bilu ndi makina ake, Rapula anatulutsa chikwama. Khadi yakuda inali pamwamba penipeni. Anaidumpha, n'kusolola ndalama zamapepala zimene anatapa m'mawa, n'kuziika m'kambale.

"Khadi ija?" anafunsa Moipone. "Pano m'pamene imabweza."

"Lero sindikufuna kuti andibwezere kanthu."

Moipone anamuyang'ana nthawi yaitali. Anatenga kansalu kopukutira pakamwa n'kukhudza m'makona a maso, ngati wachotsa kachitsotso.

"Zikomo, bambo a Tumelo," anatero. Atatuluka panja anamugwira mkono, anthu akuona. "Koma Loweruka likubwerali mulipire ndi khadi. Tisamawononge ndalama."