Nsanza za pa Pijo ya a Rodwell

A Rodwell, mkulu wa mpingo wa ku Malota, analonjeza pamaso pa anthu onse kuti mlendo wa msonkhano wa chitsitsimutso adzamutenga iwowo ku eyapoti Loweruka, pa galimoto ya Pijo ya malemu bambo awo. Analonjeza chifukwa a Inambao, mkulu mnzawo, anali atayamba kale kutchula za minibasi yawo, ndipo a Rodwell sakanalola kuti abusa a ku Lusaka, munthu woyenda pa ndege, akhale pampando wa ogulitsa kapenta. Zoti Pijoyo inasiya kuyenda iwo asanapume ntchito ya njanji, mpaka nkhuku kumaikiramo mazira, sanaone chifukwa chokumbutsira mpingo.

Injini yakale inali itauma gwa. Mwakachetechete anagula ina ya ku Japan, yochotsedwa m'galimoto yangozi, n'kuitana Chabota, makanika wa pansi pa mtengo kuseri kwa msika. Kwa anansi ankati akungosintha oyilo, poti Pijo ya bambo awo sinagwidwepo ndi sipanala chiyambire.

Kulowetsa injini sikunavute. Chinavuta ndi matumbo ake. Mawaya a Pijo, amene kale anali ndi mitundu, onse anali atasanduka mtundu wa fumbi. Injini yatsopano inabwera ndi mtolo wake wa mawaya ndi mapaipi, ena onenepa, ena ngati udzu, ndi kabokosi ka kompyuta pamwamba. Chabota ankatsata waya uliwonse ndi kababu koyesera, ndipo akapeza mnzake wa ku injini ankamangirira onse awiri kansanza ka nsalu imodzi. Mayi Vailet, akazi a a Rodwell, anapereka zitenje zawo zakutha. Paipi ya petulo inalandira kofiira, za madzi zinalandira tobiriwira, waya wa fani yoziziritsa injini kachitenje ka nsomba, wa hutala ka maluwa. A Rodwell ankayang'anira ntchito atakhala pampando, manja pamimba, akugwedeza mutu ngati munthu amene zonsezi anazidziwa kale.

Lachinayi masana Chabota anapukuta manja.

"Vonse napeza, ba Rodwell. Mailo pa Chisanu ni kumanga chabe. Musagwireko."

Atangochoka, amayi a chigwirizano anafika kudzaphunzira nyimbo zolandirira mlendo. Boneti inali yotsegula. Kamphepo kotentha ka mu Okutobala kankaulutsa tinsanza tija, tofiira, tobiriwira, tamawangamawanga. Mayi Nawa, tcheya wa amayi, anaima chilili, anzawo n'kugundana kumbuyo kwawo.

"Ba elder," anatero motsitsa mawu, "ivi ni vichani?"

Yankho a Rodwell anali nalo, lalifupi ndithu. Koma kuliyankha kunali kuvomera kuti injini si ya bambo awo, ndipo pofika madzulo nkhaniyo ikanakhala ili pakhomo pa a Inambao. Anayang'ana nkhope za amayiwo, naona kuti munthu wolodzedwa amalemekezeka kuposa munthu wa galimoto yazigamba.

"Inenso ndangozipeza," anatero, napumira m'mwamba. "Alipo amene sakufuna kuti galimoto iyi ikafike ku eyapoti."

Dzina sanatchule. Anangoponya maso kumene kunali nyumba ya a Inambao, n'kuwabweza msanga monga Mkhristu.

Mayi Nawa anawerama, manja kumbuyo. "Koma iyi ya nsomba si chitenge yanu, amake Hope?"

Mayi Vailet anayang'ana amuna awo.

"Mwaona," anatero a Rodwell. "Afika mpaka m'nyumba."

Nyimbo zolandirira mlendo zinaiwalika. Amayi anazungulira Pijo, ndipo a Rodwell anamasula tinsanza kamodzikamodzi, kalikonse ndi vesi lake. Anapemphera bwino tsiku limenelo, mwina kuposa masiku onse a ukulu wawo. Mawu ankangobwera okha. Nsanzazo anaziotcha pa mbaula, amayi akuimba, ana a anansi atakwera pa mpanda.

Alendo atapita, mayi Vailet anakhuthula phulusa.

"Atate ake Hope, chitenje cha nsomba chija ndinang'amba ndine. Munandigwirira nokha mbali inayo."

"Zauzimu muzisiyira akulu a mpingo, amayi."

M'mawa mwake Chabota anasuzumira mu boneti nthawi yaitali. Anafunsa kumene nsanza zinapita, nauzidwa kuti mphepo ya ku Livingstone aliyense amaidziwa.

"Mphepo yomasula mfundo," anatero Chabota. "Manje tiyambe futi. Mailo siingayende iyi, olo mukalipe."

A Rodwell anakalipadi, ndipo Chabota ananyamula zitsulo zake n'kupita kukakonza thilakita ku Maramba. A Rodwell sanadandaule. Munthu amene anasunga m'mutu nthawi za sitima zonse za ku Mulobezi sangagonje ndi mawaya. Ankakumbukira bwino kuti chofiira chinali petulo. Mapaipi onenepa sakanalowa pa timabowo ting'ono, choncho anadzisankhira okha malo. Mawaya a nsomba ndi a maluwa ndiwo anali ofanana ngati mapasa, koma iwo anawalumikiza molimba mtima. Kapaipi kena katatsala kopanda kwawo, anakapinda n'kukabisa kuseri kwa batire.

Atapotokola kiyi, injini inalira. Loweruka m'mawa Malota yense anali atamva kuti Pijo yamasulidwa.

Popita ku eyapoti kunali kozizirira ndipo msewu unali wopanda anthu, moti zonse zinayenda. Hutala yokha ndiyo sinkalira akaidina, koma iwo anati ndi ulemu wa galimoto. Abusa anatuluka m'chipata atavala suti yoyera, nayamikira Pijo kuti zinthu zakale n'zokhulupirika. A Rodwell anawatsegulira chitseko okha. Kumbuyo kunkatsatira minibasi ya a Inambao, itanyamula amayi a nyimbo.

Pobwerera dzuwa linali litakwera. Pafupi ndi tauni anapeza mzere wa mathiraki opita ku boda, ndipo anayamba kuyenda ngati a pamaliro. Injini inatentha. Kompyuta ya ku Japan inachita zimene inaphunzitsidwa, inatumiza moto ku fani. Koma kumapeto kwa waya umenewo kunali hutala.

Inalira osalekeza. A Rodwell anachotsa manja onse pa chiwongolero kuti abusa aone kuti si iwo. Atamenya batani la hutala ndi chibakera, fani inazungulira pang'ono pansi pa boneti, koma iwo sanaimve. Madalaivala a mathiraki anatulutsa mitu n'kuyamba kutchula makolo a a Rodwell, ena m'Chitonga, ena m'Chilozi. Kenaka paipi ya madzi inaphulika, nthunzi n'kukwera ngati nsembe yopsereza. Anazimitsa injini, koma hutala sinaleke.

Abusa anatsika msanga kuposa mmene msinkhu wawo unkalolera. Minibasi inaima kumbuyo, amayi n'kutuluka, nyimbo itawathera pakamwa. A Inambao nawonso anatsika. Anangotenga chikwama cha abusa n'kupukuta mpando wakutsogolo ndi kansalu, pang'onopang'ono.

Mayi Nawa anayandikira, chala chili m'khutu.

"Ba elder, nifunseko. Vija vinthu, ngati anamanga ni mdani, motoka sembe yapola pamene tinavishoka pa mbaula. Manje iyi ilila monga mwana bamupoka bele." Anatembenukira anzawo. "Ilila vinthu vake iyi. Ndiye anamanga ni ndani?"

A Rodwell anatsegula pakamwa. Akanatha kunena za Chabota ndi kababu kake, za fani ndi hutala. Koma amayi onsewa anamva pemphero la Lachinayi, ena anagwetsa ndi misozi yomwe. Kunena zoona tsopano kunali kuvomera kuti ananamiza Mulungu dzuwa likuswa mtengo, mavesi ali pakamwa. Anafunafuna ndi maso akazi awo. Mayi Vailet anali atakhala kale m'minibasi, akukonza duku, maso ali pa zenera la mbali inayo.

Mayi Nawa ananong'oneza abusa mawu angapo. Abusa anamvetsera, nkhope yawo n'kuyamba kuwala ngati ya msodzi amene nsomba yadzigwera yokha m'bwato. Anabwera nagwira phewa la a Rodwell mwachikondi, n'kuwerama kuti mawu amveke pa phokosolo.

"Musade nkhawa, akulu. Zotere ndi zimene tabwerera. Msonkhano tiyamba ndi inu."

Minibasi inanyamuka, amayi n'kuyambanso nyimbo. A Rodwell anatsala pamsewu ndi Pijo ikulirabe, akupempha madalaivala amene amawatukwana aja ngati alipo wa sipanala yomasulira batire.