Gogoda za Itzel

Itzel anali atayesa kale nsapato zambirimbiri pamene mayi Chayo, mwini sitolo, anamuzindikira bambo wa magalasi akuda amene anabwera naye.

"Si Eliseo Tovar uyu? Vulani magalasiwo, mwagwidwa."

Eliseo anavula, n'kumwetulira kumwetulira kwake kwa pa kanema. Amati ukaipa dziwa nyimbo, koma iyeyu Mulungu anamupatsa zonse, nkhope ndi nyimbo zomwe. Mu Guadalajara monse munalibe basi yosaliza mawu ake, ndipo mu sewero la pa kanema ankasewera ngati dokotala wosakwatira amene akazi ankamulirira. Ankayembekeza kusaina pangano latsopano la seweroli Lolemba.

Vuto linali loti a Fulgencio, omuyendetsera ntchito, anamuuza kalekale kuti mwamuna wa banja sagulitsa nyimbo zachikondi. Choncho Amparo, mkazi wa Eliseo, ankakhala ngati kulibe, ndipo Itzel anakula akudziwa kuti kunyumba ndi "ababa", pagulu ndi "amalume". Loweruka mtsikanayo ankakwanitsa zaka khumi ndi zisanu. Kumeneko msinkhu umenewu amauchitira phwando lalikulu, pomwe bambo amagwada pamaso pa alendo, kumuvula mwana wake nsapato zachibwana n'kumuveka gogoda. Alendo a masiku ano sasiya mafoni kunyumba, ndiye a Fulgencio anali atalamula kuti agwade ndi mchimwene wake wa Amparo. Eliseo anavomera, koma zinkamudya mumtima.

Amayi a m'masitolo oyandikana anayamba kudzaza pakhomo. Mayi Chayo anafunsa kuti kamtsikana kokongolako n'kandani.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero Eliseo. Pakamwa panali patazolowera.

Itzel sanakwinye nkhope n'komwe, ndipo zimenezo n'zomwe zinamupweteka Eliseo. Mtsikanayo anangowerama n'kumalimbana ndi kalamba ka gogoda yoyera, kamene kankakana kulowa.

"Amalume, izi zandikwana. Tiyeni tizipita, anthu akuchuluka."

Eliseo anagwada kuti amuthandize. Phazi lija linali litakula. Anayesa kukumbukira tsiku limene anamumangira nsapato komaliza, koma silinabwere.

"Dzukani, a dokotala, mudetsa thalauza," anaseka mayi Chayo. "Kugwadako n'kwa bambo ake tsiku la phwando. Kapena ndi aja obala n'kuthawa? Amuna a masiku ano, kufesa amadziwa, kupalira ayi."

Amayi a pakhomo anaseka, ena atakweza kale mafoni. Eliseo anawaona bwinobwino mafoniwo. Anadziwa kuti pofika madzulo a Fulgencio adzakhala ataona, ndi kuti udokotala uja anthu a sewero angaupatse mnyamata wina wa tsitsi losadaya. Anamaliza kumanga kalamba kaja modekha.

"Sanathawe," anatero, akadali chogwada. "Bambo ake ndine."

Kuseka kunatha. Mayi Chayo anagwira pakamwa, kenaka anayamba kulongedza mabokosi amene anali olongedza kale. Itzel anayang'ana pamutu pa bambo ake kwa kanthawi. Sanalire, sanawakumbatire. Anali mwana wa Amparo, wosatengeka msanga.

"Ababa," anatero pang'onopang'ono, "mwanena motsitsa. Azimayi ali kumbuyoko sanamve."

Eliseo anatembenukira kukhomo, nsapato inayo ili m'manja, ndipo ananenanso ndi mawu ake onse, aja oyimbira m'mabwalo.